Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zamaphunziro: kukhazika ana m'magulu si kuwaphunzitsa Chingerezi

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro, a Mlembi Wamkulu mu undunawu, akuluakulu a Malawi Institute of Education (MIE) ku Domasi, akuluakulu a MANEB ku Zomba, ndi inu nonse osula aphunzitsi a sekondale,

Zikomo akuluakulu. Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pa sukulu ina ya CDSS, ndipo ndakulemberani pa nkhani ya ntchito ya m'magulu, imene aphunzitsife timangoti group work. Ndineneretu kuti njira imeneyi ndimaikhulupirira. Chimene chandilembetsa kalatayi n'choti chomwe chafika m'makalasi athu ambiri ndi kakhalidwe ka ana chabe, kutembenuza madesiki kuti ayang'anizane, pomwe njira yeniyeniyo inatsalira m'mabuku a ku koleji. Timalemba m'mapulani athu kuti ana akambirana m'magulu, oyendera sukulu amachonga, koma mwana amatuluka Fomu 4 asanalankhulepo Chingerezi kwa mphindi ziwiri zotsatizana.

Inu mukudziwa kuposa ine kulemera kwa phunziro limeneli. Mwana amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza bwino Masamu ndi Biology. Wofuna kupita ku yunivesite ya boma amafunika ma credit 6, ndipo limodzi liyenera kukhala la Chingerezi. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse, kupatula Chichewa, amaphunzitsidwa m'Chingerezi, choncho wofooka pa chilankhulochi amafooka paliponse. Tsono mwana wa ku CDSS ya kumudzi Chingerezi amachipeza kuti? Kunyumba amalankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyawo, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga. Kumsika, kutchalitchi, kumzikiti, ku mpira, chimodzimodzi. Malo okhawo amene angachimve n'kuchiyesa pakamwa pake ndi m'kalasi, pa mphindi 40 za phunziro lathu. Mphindi zimenezo tikazimwaza, palibe kwina kokazitola.

M'chaka cha 1985 akatswiri awiri a zilankhulo, Michael Long ndi Patricia Porter, anawerengetsa chinthu chosavuta. Anati m'kalasi ya ophunzira 30, pa phunziro la mphindi 50 limene mphunzitsi amayankhula n'kumaloza mwana mmodzimmodzi, mwana aliyense amapeza masekondi pafupifupi 30 olankhula. Pa chaka chonse imakwana ola limodzi. Iwo ankanena za ana 30. Ife m'makalasi ena timakhala ndi ana 80, pena kuposa. Ndikayankhula mphindi 25, n'kusiya 15 zoti ana ayankhe mmodzimmodzi, aliyense gawo lake ndi masekondi 11, ndipo zoona zake n'zoti masekondi amenewo amadyedwa ndi ana asanu kapena asanu ndi mmodzi amene amakweza manja tsiku lililonse. Koma ndikawauza kuti aliyense atembenukire mnzake wa pambali, alankhulane kwa mphindi 10, mwana aliyense wapeza mphindi 5. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya njira imeneyi, ndipo palibe luso la mphunzitsi woima kutsogolo limene lingafike pamenepo.

Ena amati mwana akamamvetsera mphunzitsi wodziwa Chingerezi, nayenso adzachidziwa. Kumva n'kofunika ndithu, koma sikokwanira. Merrill Swain anafufuza ana a ku Canada amene ankaphunzira maphunziro awo m'Chifalansa kwa zaka zambiri. Anapeza kuti ankamva bwino kwambiri, koma polankhula ndi polemba galamala yawo inali yoperewera, chifukwa sankakakamizika kupanga okha ziganizo. Munthu amazindikira chimene sadziwa pa nthawi imene akufuna kunena kanthu mawu n'kumuthawa. Ana athu ali momwemo. Kuwafunsa ngati amva, onse amavomera pamodzi. Kuwapatsa pepala kuti alembe chimangirizo, ndime yoyamba yomwe imasonyeza kuti chilankhulochi sichinadutsepo pakamwa pawo.

Tsono ndikufotokozereni zimene zimachitika, osati kwa ine ndekha, koma m'makalasi ambiri amene ndaonerera ndi amene anzanga amandisimbira tikakumana ku cluster, gulu la sukulu zoyandikana. Mphunzitsi amati, “Khalani m'magulu mwanu.” Kukoka madesiki, kusuntha mabenchi, kufunana, mphindi zingapo zatha. Gulu limodzi likhala ndi ana 12 kapena 15 ndi buku limodzi. Amene ali pafupi ndi buku amawerenga, a kumbuyo amangoona misana ya anzawo. Mwana wanzeru uja, amene aliyense akumudziwa, amanena yankho. Mtsikana wolemba bwino amasankhidwa kukhala mlembi, ndipo ntchito yake chaka chonse ndi kulemba zimene anyamata anena. Otsalawo amacheza za kumudzi motsitsa mawu. Kenako magulu amabwera kutsogolo limodzilimodzi, wolankhula wake yemweyo wa dzulo ndi dzana, kuwerenga yankho limene gulu loyamba lanena kale. Timawomba m'manja. Belu likalira, zolakwika zija zidakali pa pepala lomata pakhoma, palibe wazikonza, ndipo ana ena azikopera kale m'makope awo. Pa phunziro lonselo amene agwiritsa ntchito Chingerezi ndi omwe aja akanachigwiritsa ntchito ngakhale popanda magulu.

Chimandiwawa kwambiri ndi mwana wofatsa wa pakona. Pa njira yakale ija, mwina tsiku lina ndikanamuloza. M'gulu la anthu 15 wapeza pobisala, ndipo akhoza kubisala pamenepo zaka zinayi, malikisi a gulu akumuphimba, mpaka tsiku limene MANEB idzamukhazike yekha pa desiki.

Aphunzitsi ena akaona zimenezi amati group work n'kutaya nthawi, ndipo sindiwaweruza. Zimene akuonazo n'kutayadi nthawi. Koma amene anafufuza bwino njirayi sananenepo kuti kuunjika ana pamodzi kumaphunzitsa. Robert Slavin wa ku Johns Hopkins University, atasanthula kafukufuku wambiri, anapeza kuti magulu amakweza kakhozedwe ka ana pakakhala zinthu ziwiri nthawi imodzi: gulu likhale ndi cholinga chimodzi, ndipo kupambana kwa gululo kudalire zimene membala aliyense payekha waphunzira. David ndi Roger Johnson a ku University of Minnesota anatsindikanso zomwezo, kuti ana azidalirana koma aliyense aziyankha yekha pa gawo lake. Bungwe la ku England la Education Endowment Foundation limawerengera kuti njirayi ikayendetsedwa bwino imapititsa ophunzira patsogolo ndi miyezi 5 pa chaka, ndipo limati magulu amene amachita bwino ndi a ana 3 mpaka 5. Makolo athu ankazidziwa izi pa dima. Anthu amabwera ambiri m'munda umodzi, koma aliyense ndi khasu lake ndi mzere wake, ndipo wotsalira amaonekera. Ife tapanga dima la khasu limodzi, anthu khumi ndi anayi ataimirira kuonerera.

Zimene zimathandiza sizifuna ndalama zambiri. Choyamba ndi kuchepetsa gulu. M'kalasi yothithikana njira yabwino ndi ya awiriawiri, kapena a benchi ya kutsogolo kutembenukira a kumbuyo kwawo kuti akhale anayi, osasuntha chilichonse. Frank Lyman anafalitsa mu 1981 njira yoti mwana ayambe waganiza yekha, kenako akambirane ndi mnzake, pomaliza auze kalasi. Mphindi imodzi ya chete yoyambirira ija ndi imene imapatsa mwana wochedwa kuganiza kanthu kobweretsa. Ikadumphidwa, wachangu amayankha ndipo winayo amangogwedeza mutu. Ndiye pali kupatsa ana manambala m'gulu, 1 mpaka 4, osanena amene adzayankhe. Nthawi ikakwana ndimati nambala 3 wa gulu lililonse aimirire. Zikatero mwana wanzeru uja sangangonena yankho n'kukhala. Amakakamizika kufotokozera anzake mpaka amve, chifukwa ulemu wa gulu uli pakamwa pa amene sakumudziwa. Ndipo pofotokozapo iyenso amaphunzira.

Pali njira ina imene ndikufuna muione bwino, chifukwa imagwirizana ndi kusowa kwathu kwa mabuku. Elliot Aronson anaiyambitsa mu 1971 ku Austin, m'chigawo cha Texas, pamene sukulu za kumeneko zinali zitangoyamba kusakaniza ana a mitundu yosiyana ndipo ankadana. Anaitcha jigsaw. Nkhani imagawidwa zidutswa, mwana aliyense m'gulu amalandira chidutswa chake chokha, ndipo gulu silingayankhe mafunso pokhapokha aliyense atafotokozera anzake zimene wawerenga. Pa phunziro la kumvetsa nkhani, ndime zinayi zolembedwa pa mapepala anayi zimakwanira gulu lonse. Apa palibe wobisala, popeza mwana wofatsa uja ndiye yekha akudziwa mmene nkhani yathera. Ndaona ana amene sanatsegulepo pakamwa teremu yonse akuvutika kulumikiza mawu, anzawo akuwadikira mwachidwi chifukwa akufuna kumva. Kufunidwa koteroko kumamasula lilime kuposa chilango chilichonse.

Pa galamala ndi chifupikitso ndimakonda njira imene Ruth Wajnryb anaifotokoza mu 1990, yotchedwa dictogloss. Ndimawerenga ndime yaifupi kawiri pa liwiro la masiku onse, ana n'kumalemba mawu ofunika okha amene agwira. Kenako anayianayi amamanganso ndimeyo m'mawu awo. Mkangano umene umabuka pamenepo, wakuti apa tilembe “has gone” kapena “went”, ndiye phunziro lenilenilo. Imafuna choko, mawu a mphunzitsi ndi makope basi, ndipo imakonzekeretsa ana note-making ndi summary zimene amakumana nazo pa mayeso.

Koma ndisakunamizeni kuti magulu ndi mankhwala a chilichonse. Mfundo yatsopano ya galamala imafuna mphunzitsi aime pa bolodi, afotokoze momveka, apereke zitsanzo. Kuuza ana kuti akambirane za reported speech asanaphunzitsidwe n'kuwauza kuti agawane chimene alibe. Kuwerenga chamumtima kumafuna mwana akhale yekha ndi tsamba lake. Chimangirizo angakambirane mfundo zake pamodzi, angasinthane makope kuti akonzerane, koma kulemba alembe yekha. Ndipo ntchito ya gulu iliyonse iyenera kuthera kwa mphunzitsi, amene wakhala akuzungulira n'kumamvetsera, kuti atole zolakwika ziwiri kapena zitatu zimene wamva kawirikawiri n'kuzikonza pa bolodi. Ambiri amaopa kuti ana adzapatsirana Chingerezi chopotoka. Kafukufuku wa Porter uja anasonyeza kuti ophunzira satengerana zolakwika kwambiri monga momwe timaopera, komabe m'sukulu zathu, kumene mphunzitsi ndiye yekha wodziwa bwino chilankhulochi, mawu ake omaliza sangasowe. N'chifukwa chake ndikupempha kuti mawu oti phunziro lizikhala lotsamira pa ophunzira asamamveke ngati lamulo loti phunziro lililonse likhale ndi magulu. Aphunzitsi ambiri analimva choncho, ndipo amalowetsa magulu ngakhale pamene sakufunika, poopa kulembedwa kuti ndi achikale.

Pali nkhani ina imene timaizemba. Ana akakhala m'magulu amalankhula chilankhulo chawo. Sukulu zina zimalanga mwana wopezeka akulankhula Chichewa kapena Chitumbuka, ndipo zotsatira zake m'gulu mumangoti zii, kapena amanong'onezana mphunzitsi akapita kutali. Ine maganizo anga ndi akuti tiwalole poyera kugwiritsa ntchito chilankhulo chawo pa mphindi zoyamba, pomvetsetsa funso ndi kusanja mfundo, koma chimene atulutse, cholankhula kapena cholemba, chikhale m'Chingerezi, ndipo pakhale nthawi yodziwika imene gulu lonse likuyeserera m'Chingerezimo. Tiziwalembera pa bolodi mawu oyambira, a momwe munthu amavomerezera, amatsutsira mwaulemu, kapena amapemphera mnzake kuti abwereze. Mwana salankhula Chingerezi m'gulu chifukwa choopa kukasesa kapena kukatchetcha; amalankhula akapatsidwa poyambira. Unduna utanena momveka pa nkhaniyi, aphunzitsi aakulu ambiri angasiye kulanga ana pa chinthu chimene chikuwathandiza kuganiza.

Kwa inu a MANEB. Silabasi imatiuza kuti tiphunzitse maluso anayi: kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba. Koma mayeso a Chingerezi a MSCE ndi olemba okhaokha. Ana amadziwa zimenezi, makolo amadziwa, aphunzitsi aakulu amadziwa. Akafika Fomu 4, mwana amene akufunadi kukhoza amandifunsa mwaulemu kuti, “Aphunzitsi, zokambiranazi zibwera pa mayeso?” Ndikayankha zoona, iye amapempha manotsi ndi mapepala a mayeso akale, ndipo sindingamunene kuti walakwa. Ndikudziwa kuti kuyesa kulankhula kwa ana masauzande ambiri m'dziko lonse n'kodula komanso kovuta kuyendetsa mwachilungamo. Koma mumakwanitsa mayeso a practical a sayansi chaka ndi chaka, m'sukulu zina zimene zilibe ndi labotale yomwe. Yambani pang'ono: gawo laling'ono la malikisi lichokere pa kukambirana kwa ana anayi pa mutu umene apatsidwa, mphunzitsi wa sukulu ina ya mu cluster yomweyo akuchonga potsata muyezo wanu. Tsiku limene kulankhula kudzakhale ndi malikisi, palibe mphunzitsi adzafune kukakamizidwa kuti ana ake azilankhula.

Kwa inu osula aphunzitsi ku Domasi, ku Nalikule, ku University of Malawi, ku Mzuzu University ndi kwina. Mphunzitsi amaphunzitsa mmene iye anaphunzitsidwira. Akamva za magulu kudzera mu lekichala ya maola awiri, iye atakhala chete n'kumalemba, adzadziwa kutchula ubwino wake pa mayeso koma sadzadziwa chochita ana 80 akayamba phokoso. Muloleni aichite njirayi ndi thupi lake, akhale membala wa gulu, amve kuwawa kwa kusiyidwa kunja, kenako aiyese m'kalasi yodzaza ya CDSS nthawi ya teaching practice, osati m'kalasi ya anzake 20 oyerekeza kukhala ana.

Ndipo musaiwale amene ali kale pa ntchito. Mbiri yake mukuidziwa. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mu 1998 malo ophunzirira a Malawi College of Distance Education (MCDE) anasandutsidwa ma CDSS, ndipo aphunzitsi ambiri amene anatumizidwako anali osulidwira ku pulayimale. Anthu amenewa anasenza sukulu zimenezi pa nthawi yovuta, ndipo ena adakalipo, akuphunzitsa Chingerezi chifukwa palibe wina. Sayenera kunyozedwa, ayenera kuthandizidwa. Kuyambira 2004 unduna wanu, mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, unayendetsa ndondomeko ya SMASSE, yosula aphunzitsi a Masamu ndi sayansi ali pa ntchito. Munasonyeza kuti n'zotheka kusonkhanitsa aphunzitsi pa tchuthi, kukonza phunziro limodzi, kuonererana ndi kudzudzulana mwachikondi. Chingerezi, chimene Masamu ndi sayansi zomwezo zimaphunzitsidwiramo, chikufunika dongosolo la mphamvu yofanana, lokhazikika, la chaka ndi chaka.

A ku MIE, pempho langa ndi lakuti m'mabuku muchepetse malangizo ongoti “kambiranani m'magulu” popanda china. Lembani ntchito zimene munthu mmodzi sangazimalize yekha: uyu ali ndi theka la nkhani, uyo ali ndi theka linalo, uyu ali ndi mapu, uyo akufunsa njira. Nenani kuti gulu likhale la anthu angati, kwa mphindi zingati, ndipo aliyense atuluke ndi chiyani m'kope mwake. Mphunzitsi wa makalasi anayi odzaza, wokhala ndi mulu wa makope oti achonge usiku pa nyali, alibe nthawi yopeka yekha ntchito zotere tsiku lililonse. Koma zikakhala m'buku adzazigwiritsa ntchito. Ndipo mabukuwo afike. Buku limodzi pa ana awiri ndiye maziko a zonse ndanenazi. Pamene buku ndi limodzi pa ana khumi, magulu amasanduka njira yogawanirana umphawi, ndipo tisamawatchule dzina la njira yophunzitsira.

Chimodzimodzi ma study circle, nthawi yoti ana aziwerengera limodzi m'magulu kunja kwa maphunziro a m'kalasi, amene sukulu zathu zinalangizidwa kukhala nawo. Ganizo lake ndi labwino, ndipo kwa mwana wa CDSS amene kunyumba kukumudikira mtondo, madzi ndi kumunda, ola limenelo ndi lamtengo wapatali. Koma pamene palibe ntchito yokonzedwa ndiponso mphunzitsi woyang'anira, limangokhala ola lokopera manotsi a mnzako. Patakhala kabuku ka ntchito za Chingerezi zokonzera ma study circle, zogwirizana ndi zimene zaphunzitsidwa sabata imeneyo, ola limenelo lingabweze zambiri zimene mphindi 40 zimalephera.

Oyendera sukulu a m'ma division onse 6 asinthe funso limene amalowa nalo m'kalasi. Asamafunse ngati ana akhala m'magulu. Asankhe mwana mmodzi wa kumbuyo, makamaka mtsikana, amuyang'ane phunziro lonse, alembe kuti walankhula Chingerezi kangati, wawerenga mizere ingati ndi maso ake, walemba ziganizo zingati zakezake. Phunziro lopanda magulu limene mwanayo wachita zonsezi liposa la magulu limene wangokhala. Ndipo phokoso la ana 80 akulankhulana pa ntchito lisamatengedwe ngati kulephera kwa mphunzitsi kusunga mwambo, chifukwa aphunzitsi achinyamata ambiri amasiya njirayi atangodzudzulidwa kamodzi kuti kalasi yawo ikusokoneza ena.

Kafukufuku amene ndatchula m'kalatayi anachitikira ku America, ku Canada ndi ku England, m'makalasi aang'ono kuposa athu, a mabuku okwanira. Ndikupempha kuti tiyese tokha kuno, poyera. Sankhani ma cluster angapo, a kumudzi ndi a m'tauni, m'zigawo zonse zitatu. Sulani aphunzitsi a Chingerezi a Fomu 1 pa njira zochepa zomwe ndafotokozazi, muwapatse ntchito zolembedwa kale ndi mabuku okwanira awiriawiri. Yesani anawo poyamba ndi pakutha pa chaka, pa kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, muwayerekeze ndi a sukulu zofanana nazo zimene sizinalowe nawo. Aphunzitsi a m'mayunivesite athu angathe kuyendetsa ntchito imeneyi. Zotsatira zake, kaya zikomere njirayi kaya ayi, muzitulutse m'Chingerezi ndi m'zilankhulo zathu, kuti aphunzitsi ndi makolo omwe aziwerenge, ndipo malangizo otsatira adzachokere pamenepo.

Ine wanu pa ntchito yophunzitsa,

Mphunzitsi wa Chingerezi pa sukulu ina ya CDSS